Anorman ku England: mafunso ndi mayankho pa za malo, boma ndi malamulo

Awa ndi mafunso amene amabwerabwera kwa ophunzira mbiri yakale ndi zamalamulo akafika pa chaka cha 1066, pamene Anorman analanda England. Oyambirira ndi ofuna kudziwa anthuwo, otsatirawo akulowa mkati mwa nkhani ya malo, msonkho ndi milandu.

1. Kodi Anorman anali ndani?

Anali zidzukulu za ma Viking, ankhondo a pamadzi ochokera ku Scandinavia. M'chaka cha 911 mfumu ya Afalansa, Charles the Simple, inapatsa mtsogoleri wawo Rollo dera lozungulira mzinda wa Rouen kuti asiye kuvutitsa dziko ndipo azitchinga anzawo obwera m'mbuyo. Deralo ndi limene linadzatchedwa Normandy. Pofika 1066 anthuwa anali Akhristu, ankalankhula Chifalansa, ankamenya nkhondo ali pa akavalo ndipo ankamanga malinga. Wolamulira wawo sanali mfumu koma duke, amene pamwambo anali pansi pa mfumu ya France ngakhale kuti kwawo ankachita zofuna zake.

2. Analanda bwanji England?

Mfumu ya England, Edward the Confessor, inamwalira pa 5 Januwale 1066 yopanda mwana, ndipo mawa lake Harold Godwinson anavekedwa ufumu. William wa ku Normandy ankati Edward anamulonjeza mpandowo komanso kuti Harold analumbira kuti adzamuthandiza. Harold anayamba wagonjetsa Harald Hardrada wa ku Norway pa Stamford Bridge pa 25 Seputembala. Patangopita masiku atatu William anakocheza pa Pevensey, ndipo pa 14 Okutobala Harold anaphedwa pa nkhondo ya ku Hastings. William anavekedwa ufumu ku Westminster Abbey pa tsiku la Khirisimasi.

Nkhondo imodziyo sinamalize nkhani. Angerezi anapitiriza kuukira mpaka 1071. M'nyengo yozizira ya 1069 mpaka 1070 William anatentha midzi, nkhokwe ndi zipangizo zolimira kumpoto kwa dziko, makamaka ku Yorkshire, ndipo anthu ochuluka anafa ndi njala. Patapita zaka 16, kalembera wa malo wa Domesday (onani funso 9) ankalembabe midzi yambiri ya kumeneko kuti ndi mabwinja.

Mfundo yoti William ankadzitcha wolowa m'malo mwa Edward mwalamulo muisunge, chifukwa mayankho ambiri m'munsimu akutsamira pa iyo. Kwa iye Harold anali wolanda, choncho aliyense amene anamenyera nkhondo Harold anali woukira woyenera kulandidwa malo. Koma wolowa m'malo mwa Edward ankayeneranso kusunga malamulo a Edward.

3. Feudalism ndi chiyani, ndipo kodi ndi Anorman anaibweretsa?

Ndi dzina limene akatswiri a m'zaka zam'tsogolo anapereka ku dongosolo lakuti munthu amalandira malo kwa mbuye wake, iye n'kumabweza ndi utumiki, makamaka wa usilikali. Wolandirayo ankagwada, n'kuika manja ake pakati pa manja a mbuye, n'kunena kuti tsopano ndi munthu wake. Anthu a nthawiyo sankagwiritsa ntchito mawu akuti feudalism, ndipo chithunzi cha m'mabuku a sukulu, chokhala ndi mfumu pamwamba, mabaroni (ambuye akuluakulu olandira malo kwa mfumu), asilikali kenako alimi pansi, n'chosalala kuposa mmene zinthu zinalili. Munthu mmodzi ankatha kukhala ndi malo ochokera kwa ambuye atatu.

Zina mwa izi England anali nazo kale. Olemekezeka achingerezi, ma thegn, ankalumbira kwa ambuye awo ndipo ankapita kunkhondo mfumu ikaitana. Ku Berkshire mwambo unali woti malo okwana ma hide (muyeso wa malo) asanu aliwonse azitulutsa msilikali mmodzi. Kusiyana kwake kunali kwakuti Mngerezi ankatha kukhala ndi malo akeake olembedwa pachikalata, amene akanatha kuwagulitsa kapena kuwasiyira amene wafuna, ndipo anthu ena aufulu ankasankha okha mbuye n'kupita kwa iye ndi malo awo omwe. Chatsopano chimene chinadza ndi 1066 ndi mfundo yakuti malo onse, mpaka kamunda kakang'ono, amachokera kwa mfumu, ndipo wina aliyense amangowagwirizira, mwachindunji kapena kudzera mwa mbuye wina. Ngakhale ku Normandy kwenikweniko zinthu sizinali zokhwima chonchi. Zinatheka ku England chifukwa dziko lonse linagawidwa mwatsopano ndi munthu mmodzi m'zaka 20 zokha.

4. Nanga malo a Angerezi anapita kuti?

Pofika 1086, mfumu ndi banja lake inali ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a chuma cha malo, tchalitchi chinali ndi pafupifupi kota, ndipo pafupifupi theka linali m'manja mwa mabaroni osakwana 200. Ma thegn achingerezi, amene anali masauzande angapo, ena anafa kunkhondo, ena anathawira ku Scotland, Denmark ngakhalenso ku Constantinople, ndipo otsala anatsika n'kukhala ochita lendi pa malo amene anali awo. Angerezi okhala ndi malo aakulu ochokera mwachindunji kwa mfumu anatsala owerengeka, monga Thorkell wa ku Arden ndi Colswein wa ku Lincoln.

Amene anadya zonona ndi achibale ndi anzake a William. Abale ake obadwa mayi mmodzi, Odo bishopu wa ku Bayeux ndi Robert wa ku Mortain, ndiwo anali patsogolo. Odo anapatsidwa Kent, pamene Robert anali ndi minda pafupifupi 800 m'maboma osiyanasiyana. Nthawi zambiri Mnorman ankangouzidwa kuti atenge zonse zimene zinali za Mngerezi wakutiwakuti, ndipo ankalowa m'malo mwake ngati wolandira cholowa, ndi maufulu ndi mikangano yake yomwe.

Buku la Domesday, limene nthawi zambiri limangolemba manambala mosamvera chisoni, likafika pa mudzi wa Marsh Gibbon ku Buckinghamshire limanena za Mngerezi wina Æthelric amene malowo anali ake m'nthawi ya Edward, koma tsopano akuchita lendi kwa Mnorman movutikira ndi momvetsa chisoni.

5. Kodi baroni ankabweza chiyani kwa mfumu?

Choyamba, asilikali a pakavalo okhala ndi zida zonse, ma knight. Baroni aliyense, bishopu aliyense ndi nyumba zambiri za amonke anauzidwa chiwerengero choti azitumiza. Akibishopu wa ku Canterbury ankatumiza 60, amonke a ku Peterborough 60, a ku Bury St Edmunds 40, pamene a ku Evesham ankangotumiza asanu. Manambalawa sankatsata kwenikweni kukula kwa malo, ankatsata zofuna za mfumu. Peterborough inali pafupi ndi madambo a Ely kumene Mngerezi Hereward anaukira, ndipo katundu wake wolemerawo sudabwitsa. Onse pamodzi ankakwana pafupifupi 5,000. Poyamba ambuye ankasunga asilikaliwa pakhomo n'kumawadyetsa, koma pang'onopang'ono anayamba kuwapatsa malo awoawo, ndipo mwambo unakhazikika woti azitumikira masiku 40 pachaka.

Chachiwiri, ndipo m'kupita kwa nthawi chinaposa choyambacho, ndi ndalama. Baroni akamwalira, mwana wake ankalipira kuti alowe pa malo a bambo ake. Mwanayo akakhala wamng'ono, mfumu inkamulera n'kumadya phindu la malowo mpaka atakula, kapena kugulitsa ulereziwo kwa wina. Mwana wamkazi wolandira cholowa kapena mkazi wamasiye sakanakwatiwa popanda chilolezo cha mfumu, ndipo mfumu inkagulitsa maukwati amenewa. Munthu akafa wopanda wolowa m'malo, kapena akaukira, malo ankabwerera kwa mbuye. Baroni naye ankachita zomwezi kwa anthu ake. Kuyambira m'nthawi ya mfumu Henry I, mwana wa William, m'malo motumiza asilikali munthu ankatha kulipira ndalama yotchedwa scutage, mfumu n'kulemba ganyu asilikali odziwa ntchito.

Apa ndi pamene panabadwira mkangano wa zaka 150. William Rufus, mwana wa William amene analowa ufumu bambo ake atamwalira, ankalipitsa mopyola muyeso ndipo ankasiya mipando ya mabishopu yopanda munthu kuti azidya ndalama zake. Henry I atalowa ufumu mu 1100 analemba chikalata cholonjeza kusiya makhalidwe amenewa, koma sanasunge lonjezolo. Magna Carta ya 1215, chikalata chimene mabaroni anakakamiza mfumu kuvomereza, ndiyo inaika mtengo: mapaundi 100 kwa wolowa pa malo a baroni, masheleni 100 kwa wolowa pa malo a knight mmodzi, komanso kuti mkazi wamasiye asakakamizidwe kukwatiwa.

6. N'chifukwa chiyani mabaroni a ku England sanakhale timafumu todziimira patokha ngati a ku France?

William ankadziwa bwino vutoli, pakuti iye mwini anali munthu wa mfumu ya France amene anakula mphamvu kuposa mbuye wake. Zinthu zingapo zinamuthandiza. Malo a mabaroni ambiri anali omwazikana m'maboma ambiri, mwina chifukwa analandira malo a Angerezi amene anali omwazikana kale (onani funso 4), choncho kunali kovuta kuti munthu asonkhanitse gulu lankhondo mfumu osadziwa. Maudindo akuluakulu a ma earl achingerezi, olamulira zigawo zikuluzikulu, monga wa Wessex amene anali wa Harold, sanabwezeretsedwe. Madera akuluakulu ophatikizana anaperekedwa kumalire kokha: Chester kwa Hugh d'Avranches, Shrewsbury kwa Roger wa ku Montgomery, Hereford kwa William fitz Osbern, onse oyang'anizana ndi Wales, komanso gombe la Sussex ndi Kent loyang'ana ku Normandy.

Pa 1 Ogasiti 1086 William anasonkhanitsa eni malo ofunikira ku Salisbury, kaya anali anthu a mbuye uti, n'kuwalumbiritsa kuti adzakhala okhulupirika kwa iye kuposa kwa wina aliyense. Tanthauzo lake linali lakuti baroni akaukira mfumu, asilikali ake alibe chifukwa chomutsatira. Oukira analipo ndithu. Mu 1075 ma earl a ku Hereford ndi Norfolk anayesa, koma anagonja. Earl wachingerezi Waltheof, amene anakhudzidwa nawo, anadulidwa mutu mu 1076. Ngakhale Odo anamangidwa mu 1082. Dongosololi linkadalira mfumu yoopedwa, ndipo linagwedezeka m'nthawi ya Stephen, kuyambira 1135 mpaka 1154, pamene iye ndi Matilda, mwana wamkazi wa Henry I, ankalimbirana mpando, mabaroni n'kumamanga malinga popanda chilolezo.

7. Malinga anali ndi ntchito yanji pa ulamuliro?

Angerezi anali ndi mizinda yotchingidwa yotetezera anthu onse. Linga lachinorman linali nyumba ya mbuye mmodzi ndi asilikali ake, loyang'anira anthu a m'deralo. Oyambirira ankamangidwa msanga: chulu chachikulu chounjika ndi manja, nsanja yamatabwa pamwamba, bwalo lotchingidwa ndi mpanda ndi ngalande m'munsi. Amiyala, monga White Tower ya ku London, anadza pambuyo. M'mizinda ankagwetsa nyumba kuti apeze malo, ndipo ku Lincoln kokha zinagwa 166. Linga la mu mzinda waukulu wa boma linalinso ofesi ya sherifi (woimira mfumu m'bomalo), ndende ndi mosungira msonkho.

8. Kodi William anathetsa boma la Angerezi n'kuyambitsa lake?

Ayi, ndipo apa ndi pamene ophunzira ambiri amaphonya. England wa 1066 anali ndi boma lolongosoka kuposa la Normandy. Dziko linali logawidwa m'maboma otchedwa shire, boma lililonse m'timadera totchedwa hundred, ndipo zonsezi zinali ndi mabwalo a milandu. M'boma lililonse munali sherifi woimira mfumu. Panali msonkho wa malo wa dziko lonse, geld, wowerengedwa pa hide iliyonse. Panali ndalama imodzi yasiliva yosulidwa m'mizinda yambiri koma pa chidindo cha mfumu. Panalinso writ, kakalata kakafupi kokhala ndi chidindo, kamene mfumu inkatumiza ku bwalo la boma kukalamula chinthu. William anasunga zonsezi. Chikalata chimene anapatsa anthu a ku London atangolowa ufumu chinalembedwa m'Chingerezi, cholonjeza kuti malamulo akhala monga m'masiku a Edward ndi kuti mwana aliyense adzalandira cholowa cha bambo ake.

Chimene anasintha ndi anthu ogwira zidazi ndi mphamvu yozigwiritsira ntchito. Pofika cha m'ma 1070 makalata a mfumu anayamba kulembedwa m'Chilatini. Masherifi achingerezi analowedwa m'malo ndi Anorman, ndipo popeza ma earl akuluakulu kunalibenso, sherifi ndiye anakhala mwini boma: wotolera msonkho, wotsogolera bwalo, wosunga linga. Ena anatchuka ndi kulanda, monga Picot wa ku Cambridge ndi Urse d'Abetot wa ku Worcester, amene ngalande ya linga lake inadya mbali ya manda a amonke. Msonkho nawo unakwera: wa 1084 unali masheleni asanu ndi limodzi pa hide, katatu poyerekeza ndi masheleni awiri amene anali ozolowereka.

Msonkhano wa akuluakulu olangiza mfumu, umene Angerezi ankautcha witan, unapitirira koma tsopano obwera anali mabaroni ndi mabishopu oitanidwa chifukwa cha malo amene anagwirizira. William akakhala ku England ankavala chisoti chaufumu pamaso pawo katatu pachaka: Pasaka ku Winchester, Pentekoste ku Westminster, Khirisimasi ku Gloucester. Koma nthawi yambiri ankakhala kutsidya kwa nyanja, ndipo ngakhale imfa inamupeza ku Rouen mu 1087. Kusowa kwa mfumu kumeneku kunakakamiza kuti pakhale anthu ndi maofesi oyendetsa dziko mwini wake kulibe.

9. Buku la Domesday ndi chiyani?

Ndi kalembera wa malo ndi chuma amene William analamula ali ku Gloucester pa Khirisimasi ya 1085, pamene panali mantha oti a ku Denmark abwera ndi nkhondo. M'chaka cha 1086 nthumwi zake zinazungulira maboma, ndipo m'dera lililonse anthu olumbira, Angerezi ndi Afalansa, ankayankha mafunso omwewo. Mudziwu dzina lake ndani? Mwini wake anali ndani m'nthawi ya Edward, nanga pano ndani? Muli ma hide angati, mapulawo angati, alimi angati, akapolo angati, zigayo zingati, nkhalango ndi madambo aakulu bwanji? Unkapindula zingati kale, nanga pano? Mmonke wachingerezi wolemba mbiri ya nthawiyo anadandaula kuti panalibe ng'ombe kapena nkhumba imene inatsala osalembedwa.

Bukuli lili m'magawo awiri. Laling'ono, limene lili ndi tsatanetsatane wochuluka, likukhudza Essex, Norfolk ndi Suffolk, ndipo lalikulu likukhudza maboma enawo. Malo otchulidwa amaposa 13,000, koma London ndi Winchester mulibe, ndi mbali ya kumpoto kwenikweni mulibenso. Limasungidwa ku National Archives ku Kew.

Akatswiri amatsutsana ngati cholinga chinali msonkho kapena umwini wa malo. Kasanjidwe kake kakupereka chizindikiro: mkati mwa boma lililonse malo alembedwa pansi pa dzina la baroni, osati motsata midzi. Buku lotere ndi lothandiza kwa mfumu yofuna kudziwa ndalama zoti ilipitse baroni akafa (funso 5). Kwa mabaroni linali umboni wolembedwa woti malo olandawo tsopano ndi awo mwalamulo. Onaninso kuti poyambira kuwerenga ndi tsiku limene Edward anamwalira, ngati kuti Harold sanakhalepo mfumu.

10. Nanga Exchequer, ofesi yowerengera ndalama za mfumu, inayamba liti?

M'nthawi ya Henry I, cha m'ma 1110, pansi pa Roger bishopu wa ku Salisbury. Kawiri pachaka, pa Pasaka ndi kumapeto kwa Seputembala, sherifi aliyense ankabwera kudzawerengetsa ndalama patebulo loyalidwa nsalu ya mizeremizere, pamene ankaikapo timiyala towerengera kuti ngakhale wosadziwa kulemba aone ngongole yake. Risiti inali kamtengo kosemedwa mano n'kung'ambidwa pakati, theka la sherifi, theka la boma. Zonse zinkalembedwa pa zikopa zokulunga, ndipo chakale kwambiri chimene chilipo ndi cha 1130. Timitengo timeneti tinagwira ntchito mpaka m'ma 1800, ndipo moto umene unapsereza nyumba ya malamulo ku Westminster mu 1834 unayamba pamene ankatentha milu ya timitengo takale.

11. Ndi malamulo ati amene anali atsopanodi?

Si ambiri, koma atatu ndi odziwika. Loyamba ndi chindapusa cha murdrum. Mnorman akapezeka ataphedwa ndipo wakupha osagwidwa, dera lonse la hundred linkalipira ndalama zambiri, ma mark 46 a siliva. Pambuyo pake mtembo uliwonse wosadziwika unkatengedwa ngati wa Mnorman pokhapokha abale atabwera kudzachitira umboni kuti ndi wa Mngerezi. Lamuloli linathetsedwa mu 1340, pamene mitundu iwiriyi inali itasakanikirana kalekale.

Lachiwiri ndi kuweruza mlandu mwa kumenyana. Angerezi ankagwiritsa ntchito malumbiro a mboni zoikira munthu kumbuyo, kapena mayeso a chitsulo chamoto ndi a madzi, pokhulupirira kuti Mulungu aonetsa wolakwa. Anorman anawonjezera kuti wodandaula ndi wodandaulidwa amenyane, kapena pa milandu ya malo aliyense abweretse womumenyera. Mngerezi woimbidwa mlandu ndi Mfalansa ankaloledwa kusankha pakati pa chitsulo ndi nkhondo. Njirayi inazilala koma inakhalabe m'malamulo mpaka 1819, munthu wina woimbidwa mlandu wakupha ataidzutsa pa mlandu wa Ashford ndi Thornton mu 1818.

Lachitatu, lodedwa kuposa onse, ndi lamulo la nkhalango. Mfumu inkapatula dera lalikulu, ngakhale lokhala ndi midzi ndi minda, kuti likhale losakiramo yokha. New Forest ku Hampshire inakhazikitsidwa cha m'ma 1079. M'dera lotere munthu sankaloledwa kupha gwape kapena nguluwe, kudula mitengo, kutsegula munda watsopano kapena kuyenda ndi uta, ndipo agalu ankadulidwa zikhadabo zakutsogolo kuti asathamangitse nyama. Mbiri ya amonke achingerezi imati wopha gwape ankachotsedwa maso, ndiponso kuti William ankakonda agwape ngati iye ndi bambo wawo. Lamuloli linali la mfumu yokha, ndi makhothi akeake, ndipo linakhala gwero la ndalama za zindapusa. Linafewetsedwa ndi chikalata cha nkhalango cha 1217. Rufus anafera mu New Forest momwemo pa 2 Ogasiti 1100, atalasidwa ndi muvi ali kosaka.

Kupatula izi, milandu ya tsiku ndi tsiku inkaweruzidwa mwa mwambo wakale. Pa mlandu wa ku Penenden Heath m'ma 1070, pamene akibishopu Lanfranc ankafuna malo a tchalitchi amene Odo analanda, bwalo la boma la Kent linakhala masiku atatu, ndipo bishopu wokalamba wachingerezi Æthelric anabweretsedwa pa ngolo kuti afotokoze malamulo akale. Akuluakulu awiri a ulamuliro wa Anorman ankakangana, koma muyeso unali mwambo wa Angerezi.

12. Tchalitchi chinakhudzidwa bwanji?

Mu 1070 Stigand anachotsedwa pa mpando wa Canterbury, n'kulowa Lanfranc, Mtaliyana amene ankatsogolera amonke ku Caen. Mabishopu achingerezi anatha mmodzimmodzi, womaliza ndi Wulfstan wa ku Worcester amene anamwalira mu 1095. Malikulu a madayosizi anasamutsidwira m'mizinda, monga kuchoka ku Dorchester kupita ku Lincoln ndi kuchoka ku Selsey kupita ku Chichester.

Pa malamulo, chachikulu ndi lamulo la William la m'ma 1070 lakuti milandu yauzimu isamazengedwenso m'bwalo la hundred koma pamaso pa bishopu, motsata malamulo a tchalitchi. Apa ndi pamene panamera makhothi a tchalitchi, amene anadzatenga nkhani za ukwati, za wilo wa katundu ndi za ansembe olakwa. William ndi Lanfranc ankamvana, choncho vuto silinaoneke. Linaphulika pamene mfumu Henry II inafuna kuti wansembe wopalamula mlandu waukulu azilangidwa ndi khothi la mfumu, akibishopu Thomas Becket n'kukana, mpaka anaphedwa m'tchalitchi cha Canterbury pa 29 Disembala 1170.

13. Kodi common law ndi jury (gulu la anthu olumbira lothandiza kuweruza mlandu) zinayambitsidwa ndi Anorman?

Anayala maziko, koma womanga nyumbayo ndi Henry II, mdzukulu wa Henry I, amene analowa ufumu mu 1154 ndipo amawerengedwa m'banja la Anjou. Asanafike iye, malamulo ankasiyana dera ndi dera, ndipo pamwamba pa mabwalo a shire ndi hundred panali makhothi a mabaroni oweruza anthu awo, a tchalitchi ndi a nkhalango. Henry I anali atayamba kale kutumiza oweruza ake kuzungulira maboma. Henry II anapanga maulendowa kukhala okhazikika, ndipo oweruza omwewo akamagamula mofanana ku Kent ndi ku Yorkshire, pankabadwa lamulo limodzi la dziko lonse, common law.

Mu 1166, pa Assize of Clarendon, analamula kuti amuna 12 a mu hundred iliyonse ndi anayi a m'mudzi uliwonse azilumbira n'kutchula anthu oganiziridwa kuti ndi akuba kapena akupha. Pa milandu ya malo anakonza ma writ ogulika: munthu waufulu wochotsedwa pamalo pake posachedwa ankagula writ, sherifi n'kusonkhanitsa anansi 12 kuti ayankhe funso limodzi lokha, ngati anachotsedwadi mopanda chilungamo. Njirayi inali yachangu, ndipo inakokera milandu kuchoka m'makhothi a mabaroni kupita kwa mfumu. Kufunsa anansi olumbira kunalipo kale mbali zonse ziwiri: lamulo la ku Wantage la mfumu yachingerezi Æthelred limatchula ma thegn 12, ndipo Domesday inalembedwa mwa njira yomweyo (funso 9). Jury yoweruza ngati munthu ndi wolakwa inadza pambuyo pa 1215, pamene msonkhano wa tchalitchi wa Lateran unaletsa ansembe kudalitsa mayeso a chitsulo ndi madzi, oweruza n'kusowa njira ina.

14. Nanga anthu wamba, akapolo ndi akazi?

Mlimi ankalimabe munda womwewo, koma mbuye watsopano ankafuna zambiri. Kum'mawa kwa England, kumene kunali alimi aufulu ochuluka, ambiri anatsitsidwa n'kukhala ma villein, omangiriridwa ku mudzi wa mbuye, ogwira ntchito m'munda mwake masiku angapo pa sabata m'malo mwa lendi. Amene akudziwa za thangata wa m'maesiteti a atsamunda ku Chiradzulu ndi Thyolo aona kufanana kwake. Makhothi a mfumu a m'funso 13 anali a anthu aufulu okha, choncho villein akalandidwa munda ankakadandaula ku khothi la mbuye yemweyo.

Ukapolo weniweni, wogula ndi kugulitsa anthu, ndiwo unatha. Mu 1086 pafupifupi munthu mmodzi mwa 10 olembedwa anali kapolo, ndipo doko la Bristol linkatumiza akapolo ku Ireland mpaka Wulfstan atalalikira motsutsa. Msonkhano wa tchalitchi wa ku London mu 1102 unaletsa malondawa, ndipo m'zaka zotsatira akapolo anasanduka alimi omangika. Chifundo chinalipo, koma kuwerengera kunaliponso: kupatsa munthu kamunda kuti azidzidyetsa n'kumalipira kunali kotchipa kuposa kumudyetsa.

Akazi a m'mabanja olemera anataya ufulu wina, popeza malo omangiriridwa ku usilikali ankafuna mwamuna, ndipo ukwati wawo unakhala malonda a mbuye (funso 5). Mwambo woti mwana wamwamuna woyamba atenge malo onse unakhazikika pang'onopang'ono m'zaka za m'ma 1100, ngakhale ku Kent anapitiriza kugawira ana aamuna onse mofanana.

15. Kodi zinali chimodzimodzi ku Wales, Scotland, Ireland ndi Sicily?

Ayi. Ku Wales mabaroni a kumalire ankalanda okha malo ndipo ankalamulira ndi ufulu umene anzawo a mkati mwa England analibe. Ku Scotland sanalande, anaitanidwa: mfumu David I, amene analamulira kuyambira 1124 mpaka 1153, anapereka malo kwa Anorman monga Robert de Brus amene analandira Annandale. Ku Ireland analowa mu 1169 ataitanidwa ndi mfumu ya Leinster, ndipo Henry II anawatsatira mu 1171 poopa kuti mtsogoleri wawo Strongbow angakhazikitse ufumu wakewake. Ku Sicily, kumene Roger II anavekedwa ufumu mu 1130, anachita zofanana ndi za ku England potenga boma limene analipeza, ndipo maofesi a ku Palermo ankalemba m'Chiarabu, Chigiriki ndi Chilatini.

16. Dongosololi linatha liti, ndipo kodi latsalako chilichonse?

Linafota pang'onopang'ono. Lamulo la Quia Emptores la 1290 linaletsa kuwonjezera ambuye atsopano pamzere: wogula malo ankangolowa m'malo mwa wogulitsa. Kugwirizira malo mwa usilikali kunathetsedwa mu 1660. Ku Scotland feudalism ya malo inathetsedwa mwalamulo mu 2004. Chifalansa chinakhalitsa m'makhothi ngakhale lamulo la 1362 linati milandu izikambidwa m'Chingerezi, ndipo mpaka lero chilolezo cha mfumu pa malamulo atsopano chimalengezedwa ku Westminster m'Chifalansa chachinorman. Pa lamulo la England, malo onse akadali a Korona, ndipo mwini freehold amawerengedwa ngati wogwirizira.

Ku Malawi zina mwa izi zinafika kudzera mwa atsamunda. British Central Africa Order in Council ya 1902 inabweretsa common law ndi malamulo a ku England amene ankagwira ntchito pa 11 Ogasiti 1902. N'chifukwa chake m'malamulo athu a malo muli freehold ndi leasehold, oweruza amatsata zigamulo za anzawo akale, ndipo amene amabwera kudzatenga katundu wa munthu wolephera kubweza ngongole, atanyamula chikalata cha khothi, amatchedwabe sherifi.